MWANA WOCHEDWA KULANKHULA: KUONGOLA MTENGO MPOYAMBA

Pafupifupi m'mudzi uli wonse muli mwana amene anzake obadwa naye chaka chimodzi ali kutchula kale maina a anthu ndi a ziweto, pamene iye akali kuloza ndi chala. Mai wake akayamba kudandaula, akuluakulu amamtonthoza kuti asade nkhawa, pakuti malume ake a mwanayo nawonso analankhula atakula. Kawirikawiri mau otere amapherezera, ndipo lilime la mwana limamasuka lokha. Koma nthawi zina sapherezera, ndipo pamene makolo azindikira kuti mwana sali kumva, zaka zimene ubongo wake ukadagwira chinenero mosavuta zimakhala zitapita. Chifukwa chake funso lakuti mwana amaphunzira bwanji kulankhula si la anthu ophunzira kwambiri okha ayi. Ndi funso la pakhonde ndi la kusikelo.

LILIME LIMATSATA KHUTU

Mwana amayamba kumva asanabadwe, m'miyezi itatu yotsiriza ya pathupi, ndipo pobadwa amakhala atalizolowera kale liu la mai wake. Ntchito yaikulu ya chaka choyamba ndiyo kumvetsera.

M'chaka cha 1984, Janet Werker ndi Richard Tees a ku Canada anaulutsa zimene anapeza poyesa makanda a m'mabanja olankhula Chingerezi. Anawamvetsa mitundu iwiri ya "t" imene anthu olankhula Chihindi ku India amaisiyanitsa, koma imene kwa Mngerezi imamveka ngati imodzi. Makanda a miyezi 6 kufikira 8 anaisiyanitsa bwino lomwe, koma a miyezi 10 kufikira 12 ambiri analephera. Tanthauzo lake ndi lakuti chaka chisanathe khutu limakhala litasankha matchulidwe a kwao ndi kuleka achilendo. Umu ndi mmene khanda la ku Dedza limadziwira kuti "pala" si "phala", ndi kuti "kola" si "khola", lisanatchule ngakhale liu limodzi.

Pakamwa napo pali ndondomeko yake. Cha pa miyezi 6 kufikira 10 khanda limayamba kubwereza "bababa" ndi "mamama"; cha pa chaka chimodzi limatchula liu loyamba lokhala ndi tanthauzo; pofika zaka 2 mwana amalumikiza mau awiri; pofika zaka 3 amatha kunena chimene chamchitikira. Ana amasiyana liwiro, koma makwerero ake ndi omwewo. Chimene chimanyenga makolo ndi chakuti khanda losamva nalonso limalira, limaseka ndi kuchita phokoso m'miyezi yoyamba. Kusiyana kumaoneka pamene "bababa" uja achedwa kapena osabwera konse.

MWANA SI CHINKHWE

Anthu ambiri amayesa kuti mwana amangobwereza zimene wamva, monga chinkhwe. M'chaka cha 1958, Jean Berko wa ku America anaonetsa kuti sizili choncho. Anajambula kanyama kongopeka, nakatcha "wug", liu limene mwana ali yense anali asanalimvepo. Kenaka anaonetsa ana a zaka 4 kufikira 7 tinyama tiwiri totere, ndipo ana ambiri anati "wugs", monga lifunira lamulo la Chingerezi. Lamulolo palibe anawauza. Analitola okha m'mau a tsiku ndi tsiku. Chimodzimodzi mwana wa kuno amene wamva "chingwe" ndi "zingwe", "chipewa" ndi "zipewa", amasandutsa "chi" kukhala "zi" pa dzina lachilendo popanda mphunzitsi.

Katherine Demuth, amene anatsata ana olankhula Chisutu ku Lesotho, chinenero chachibale ndi Chichewa, anapeza kuti poyamba ana amakonda kudula mutu wa dzina ndi kutchula tsinde lokha. Pambuyo pake amaika kaliu kosamveka bwino pamalo pa mutuwo. Ndipo cha pa zaka 3 dzina limatuluka lathunthu. Chotero mwana wa zaka 2 wodula mitu ya mau sali wodwala: ali pa ulendo. Wodziwa makwerero ndiye angathe kusiyanitsa mwana woyenda pang'onopang'ono ndi mwana amene waima.

ZIMENE ZINAONEKA KU MANAGUA

Nanga mwana amene khutu lake latsekeka, mphamvu yake yotola chinenero imatha? Yankho linaoneka ku Nicaragua, dziko la ku Central America. Kale ana osamva a kumeneko anali kukhala ali yense kwao, osakumana. M'chaka cha 1977 munatsegulidwa sukulu yowalandira mumzinda wa Managua, ndipo aphunzitsi anayesa kuwaphunzitsa Chisipanishi poyang'ana milomo, koma sizinapindule kwenikweni. Pabwalo la masewera ndi m'basi, anawo anayamba kumvana ndi manja. Pamene Judy Kegl, katswiri wa zinenero, anafika m'chaka cha 1986, anapeza chinenero chatsopano chili kumera. Chodabwitsa ndi chakuti ana amene anafika ali aang'ono ndiwo anachilankhula msanga, nachiikira malamulo okhazikika, pamene amene anafika atakula sanawafikepo.

Phunziro lake lili pawiri. Ubongo wa mwana suli kufuna phokoso ayi, uli kufuna chinenero, chikhale cha pakamwa kapena cha manja. Ndiponso uli ndi nyengo yake, monga mbeu ili ndi mvula yake yoyamba.

Za nyengoyo zinatsimikizidwanso m'chaka cha 1998, pamene Christine Yoshinaga-Itano ndi anzake anayesa ana 150 osamva kapena omva pang'ono ku Colorado. Amene vuto lao linadziwika asanapitirire miyezi 6, nalandira chithandizo msanga, anaposa anzao odziwika mochedwa. Ndicho chifukwa chake m'maiko ambiri muli lamulo la 1, 3, 6: khanda liyesedwe makutu pofika mwezi 1, vuto litsimikizidwe pofika miyezi 3, chithandizo chiyambe pofika miyezi 6.

NTCHITO YA WOONGOLA MALANKHULIDWE

Katswiri wothandiza ana ovutika kulankhula amamanga ntchito yake pa zonsezi. Poyamba amafuna kuti makutu ayesedwe. Kenaka amaona khwerero limene mwana waimapo, nayambira pa lotsatira, osadumpha. Samkakamiza mwana kubwereza mau ngati ndakatulo ya kusukulu. Amaphunzitsa mai, bambo kapena agogo kutsata chimene mwana ali kuyang'ana, kuchitchula, kudikira kuti ayankhe, ndi kuonjezapo pang'ono. Mwana akati "madzi", mkulu ati, "Ufuna madzi? Nawa madzi." Wailesi kapena foni singachite zimenezi, pakuti siidikira yankho. Ndipo banja lolankhula zinenero ziwiri, monga Chiyao ndi Chichewa, lisaleke chimodzi chifukwa cha mantha, pakuti zinenero ziwiri sizidwalitsa lilime la mwana.

M'Malawi muno akatswiri otere ndi ochepa, pamene matenda oononga makutu kapena ubongo wa mwana ali pakati pa anthu: malungo ogwira ubongo, nthenda youmitsa khosi, chikuku, chikasu chachikulu cha khanda, ndi mafinya a m'khutu osatha. Komabe poyambira palipo. M'chaka cha 2010, Melissa Gladstone ndi anzake anaulutsa muyeso wa kakulidwe ka ana wopangidwa ndi ana a m'midzi ya dziko lino, umene umafunsa mwana zinthu zimene amazidziwa kwao, osati za ku Ulaya. Chinenero ndi limodzi la magawo ake anai. Pa chipatala cha Queen Elizabeth, chimene anthu amati cha Gulupu, mu Blantyre, pali gawo loyesa makutu. Sukulu za ana osamva zili ku Maryview ku Nguludi, ku Mua, ku Embangweni ndi kwina.

Tsono makolo akumbuke zizindikiro izi: mwana wa chaka chimodzi amene sacheuka akaitanidwa, ndipo sanayambe "bababa", wa miyezi 18 wopanda liu ngakhale limodzi, wa zaka 2 wosalumikiza mau awiri, ndi mwana ali yense amene anali kulankhula, koma waleka atadwala. Wotere atengeredwe kusikelo, ndipo mai anene poyera kwa alangizi a zaumoyo. Akapezeka kuti alibe vuto, chatayika ndi tsiku limodzi la kumunda. Akapezeka nalo, chapulumuka ndi chinenero cha moyo wake wonse. Akuluakulu amene amati malume analankhula atakula ndi omwewonso anasiya mau akuti kuongola mtengo mpoyamba.