Makalata Osafunika mu Imelo: Amachokera Kuti, Nanga Tingawachepetse Bwanji?

Aliyense amene ali ndi imelo ya koleji amawadziwa makalata awa. Ina imati mwapambana mphoto pa mpikisano umene simunachite nawo. Ina imalonjeza sikolashipu ya kunja, bola mutumize kaye ndalama ya fomu. Inanso imadzitcha kuti yachokera ku ofesi ya ICT, n'kuopseza kuti akaunti yanu itsekedwa lero mukapanda kulemba pasiwedi. Makalata otumizidwa mwachisawawa kwa anthu ambirimbiri amene sanawapemphe amatchedwa spam.

Vutoli linayamba kale. Mu May 1978, Gary Thuerk, wotsatsa malonda wa kampani ya Digital Equipment Corporation ku America, anatumiza uthenga wotsatsa makompyuta kwa anthu pafupifupi 400 pa ARPANET, netiweki imene inadzabala intaneti, ndipo ambiri anakwiya nawo. Dzina lakuti spam ndi la nyama ya m'chitini. Linafika pa makalatawa kudzera m'sewero lanthabwala la gulu la Monty Python la mu 1970, mmene liwuli linkabwerezedwa mpaka kusokosera.

N'chifukwa chiyani makoleji amavutitsidwa kwambiri? Choyamba, maadiresi athu ndi osavuta kulota, poti ambiri amatsata dzina kapena nambala ya wophunzira. Chachiwiri, pali mapulogalamu amene amayendayenda pa intaneti kutolera adiresi iliyonse yolembedwa poyera, kaya pa tsamba la koleji kapena pa Facebook. Chachitatu, imelo ya koleji imadaliridwa. Kalata yochokera ku adiresi ya sukulu imadutsa mosavuta pa sefa zoletsa spam, choncho akuba amaisirira kwambiri.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Wophunzira mmodzi akapusitsidwa n'kupereka pasiwedi yake, akubawo amagwiritsa ntchito akaunti yakeyo kutumiza makalata zikwizikwi usiku umodzi. Makampani monga Google ndi Microsoft amayang'ana mbiri ya kumene makalata akuchokera. Akaona kuti kukoleji kwathu kukutuluka spam, akhoza kuyamba kukana kapena kubisa makalata a tonsefe. Zikatero, kalata ya mnzanu yopempha ntchito kapena malo ochitira pulakatiko imakathera m'bokosi la zinyalala, iye osadziwa. Akuluakulu anati nsomba ikawola imodzi zonse zawola.

Nazi zimene aliyense angachite:

Musayankhe. Ngakhale kulemba kuti "lekani kunditumizira" kumangowauza otumizawo kuti adiresi yanu ili ndi mwini wake. Batani la unsubscribe ndi lothandiza pokhapokha ngati kalatayo yachokera ku bungwe limene munalembetsa nokha.

Dinani Report spam m'malo mongofufuta. Sefa imaphunzira kuchokera pa zimene anthu akuiuza, ndipo mukatero mwatetezanso anzanu.

Onani adiresi yonse ya wotumiza, osati dzina lokha. Dzina aliyense akhoza kulemba limene wafuna. Musanatsegule linki, ikani kaye muvi wa mausi pamwamba pake, kapena pa foni igwireni kwa kanthawi, kuti muone kumene ikupita.

Musapereke pasiwedi kwa wina aliyense. Ofesi yeniyeni ya ICT sifunsa pasiwedi kudzera pa imelo. Ngati n'kotheka, tsegulani njira yotsimikizira kawiri, yomwe imafuna nambala ya pa foni yanu kuwonjezera pa pasiwedi.

Khalani ndi adiresi ina yolembetsera mipikisano ndi zogulagula. Ya koleji isungireni za maphunziro.

Polembera gulu, monga kalasi kapena kwaya, ikani maadiresi pa Bcc kuti asaonekere kwa onse.

Nafenso nthawi zina timafalitsa spam. Uthenga wonena kuti "tumizani kwa anthu khumi kuti mudalitsidwe" ungaoneke wachikhristu, koma madalitso sagulidwa ndi kutumiza makalata. Umangodzaza mabokosi a abale ndi alongo, n'kumwaza maadiresi awo kwa anthu osawadziwa.

Musaiwale kuti sefa nayonso imalakwitsa. Muziyang'ana m'bokosi la spam kamodzi pa sabata, makamaka pamene mukudikira yankho lofunika.

Nanga ngati mwatsegula kale linki yokayikitsa n'kulemba pasiwedi? Isintheni nthawi yomweyo, musinthenso paliponse pamene munagwiritsa ntchito pasiwedi yomweyo, kenako kadziwitseni a ICT. Musachite manyazi, poti ngakhale akatswiri amakodwa. Ngati mwaberedwa ndalama, kanenani kupolisi. Dziko la Malawi lili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la mu 2016 lokhudza milandu ya pa intaneti. Mukafulumira kunena, a ICT amatha kutseka akauntiyo akuba asanaipitse dzina la koleji yonse.