Ukontirakitala sufuna luso la manja lokha

Pafupifupi pa tauni iliyonse, kaya ndi pa Mponela, Balaka kapena Luchenza, sipalephera kupezeka nyumba yomwe idalekezera m'mawindo, mkati mwake mutamera udzu. Mukafunsa mwini nyumba, yankho limakhala lakuti mmisiri adathawa ndi ndalama. Mukampeza mmisiriyo, naye amadandaula kuti ndalama idatha ntchito ili pakati ndipo bwana adakana kuwonjezera.

Nthawi zambiri mmisiri wotere sakhala wakuba ayi. Amakhala munthu waluso ndithu yemwe adatopa ndi kulembedwa ntchito n'kuganiza zoima payekha ngati kontirakitala, koma osadziwa kuti walira mvula walira matope.

Munthu wolembedwa ntchito amadikira malipiro mwezi ukatha, zinthu ziyende kapena zisayende. Malamulo a dziko lino amakakamizanso bwana kumuikira ndalama ya penshoni komanso kumupatsa chipukuta misozi akavulala pa ntchito. Kontirakitala alibe zonsezi. Akagwa pa denga, chipatala n'chake. Akadwala sabata ziwiri, kunyumba poto amakhala chozondoka. Kuwonjezera apo, anyamata omwe wawatenga kuti azikanda matope ndi kutunga madzi amayang'ana kwa iye, osati kwa mwini nyumba.

Pamene ambiri amagwera mpa kutchula mtengo. Tiyerekeze kuti mmisiri wagwirizana ndi munthu kuti amumangire nyumba pa mtengo wa K1,500,000, ndipo walandira theka ngati poyambira. Ndalamayi ikafika m'manja imaoneka yambiri, mwakuti ena amathamangira kugula foni kapena kubweza ngongole ya katapila. Chonsecho muli malipiro a anyamata a miyezi iwiri, thiransipoti, chakudya cha pa ntchito ndi kubwereka zipangizo monga wilibala ndi makwerero. Phindu lenileni limadziwika ntchito ikatha, ndipo likhoza kukhala lochepa kuposa malipiro omwe munthu adawathawa.

Vuto limakula mmisiri akavomera kuti zipangizo azigula yekha pa mtengo womwe adagwirizana kale. Mu May 2022 ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Mitengo ya simenti, malata ndi zitsulo idakwera m'masiku owerengeka. Aliyense yemwe adali atatchula mtengo wa nyumba yonse zinthu zisanasinthe adayenera kusankha pakati pa kuthira ndalama za m'thumba mwake ndi kusiya ntchito panjira.

N'chifukwa chake mgwirizano wolemba uli wofunika, ngakhale ntchito ikhale ya kwa malume. Pepala limodzi ndi lokwanira, bola linene ntchito yomwe igwiridwe, yemwe agule zipangizo, nthawi yomalizira ndi momwe ndalama izilipiridwira. Amisiri ozindikira amagawa malipiro m'magawo: maziko akatha, khoma likafika pa lintala, denga likafoleredwa, kenaka pulasitala. Onse awiri amasainira, mboni ili pomwepo, ndipo mwini nyumba akasintha pulani pakatikati, mtengo watsopano umalembedwanso. Pepala lotere limateteza mbali zonse nkhani ikafika kwa amfumu kapena ku khoti.

Yemwe akufuna ntchito zokulirapo, monga kumanga midadada ya sukulu kapena zimbudzi za pa msika kudzera ku khonsolo, ayenera kukhala ndi mapepala. Choyamba ndi kulembetsa dzina la bizinesi ku boma. Chachiwiri ndi kutenga nambala ya msonkho, yotchedwa TPIN, ku bungwe lotolera misonkho la MRA. Chachitatu ndi kulembetsa ku bungwe loyang'anira ntchito za zomangamanga, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1996 pa dzina la NCIC. Kumeneko makontirakitala amaikidwa m'magulu malinga ndi kukula kwa ntchito yomwe angathe, choncho woyamba kumene amayambira gulu la pansi. Satifiketi ya luso, monga ya maphunziro oyang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999, imathandizanso kuti anthu amukhulupirire.

Komabe ntchito za boma ndi mabungwe zili ndi minga yake. Polipira amayamba adulako msonkho, ndipo ndalama imatha kuchedwa pamene anyamata akufuna zawo Loweruka lililonse. Kontirakitala wopanda kangachepe kapadera amathera kwa akatapila, phindu lonse n'kupita ku chiwongola dzanja.

Apa mpamene banja limalowerera. Ndalama ya ntchito ikasakanizidwa ndi ya ndiwo, palibe amadziwa komwe yapita. Mabanja ena amatsegula akaunti yapadera ku banki kapena pa foni, mayi n'kumasunga kope lolembamo chilichonse cholowa ndi chotuluka, bambo n'kumadzilipira malipiro okhazikika ngati wantchito wina aliyense. Zotsala zimasungidwira miyezi ya dzinja, pamene anthu ambiri amaika ndalama ku feteleza ndipo ntchito zomanga zimachepa.

Pa tauni yaing'ono mbiri imayenda msanga kuposa chikwangwani. Mmisiri yemwe wamaliza nyumba imodzi pa nthawi yake, popanda mkangano wa ndalama, ntchito yachiwiri imamupeza pakhomo.