Usanakole Chingwe, Yeza Pansi

Masiku ano mukadutsa pomwe akumanga ku Kanengo mumzinda wa Lilongwe, kapena ku Makata ku Blantyre, muona anyamata ali m'mwamba atavala malamba a thupi lonse, amene pantchito timangoti hanesi. Zimandisangalatsa, chifukwa ine ndinayamba kukhoma madenga nthawi imene mmisiri ankakwera ndi patapata basi, misomali ili kukamwa. Koma ndikaima n'kuyang'ana pomwe akola chingwe, kenako n'kuyang'ana pansi, ndimagwidwa nthumanzi. Ambiri mwa iwo atati aterereke, akhoza kukamenyetseka pansi chingwe chisanawagwire n'komwe. Hanesi ndi yabwino, chingwe n'chatsopano, ngowe yakoledwa pachitsulo cholimba, koma palibe amene anatulutsa tepi.

Mufunseni mmisiri aliyense kuti atagwa angatsike mtunda wotani. Ayang'ana chingwe chake n'kuyankha kuti, "Mamita awiri, abwana, si ndi awa?" Yankho limeneli ndi limene limavulaza anthu, chifukwa kutalika kwa chingwe n'chiyambi chabe cha masamu ake.

Tengani chingwecho m'manja. Pafupi ndi mbali imene imakoledwa kumsana pali kathumba kolimba, kokutidwa ndi pulasitiki kapena nsalu. Anyamata ena amakaona ngati katundu wongolemetsa, ndipo ndinaonapo wina atakazengereza ndi waya kuti kasamamugunde. M'kati mwake muli lamba wopindapinda, wolukidwa kapena kusokedwa mwadala kuti azing'ambika pang'onopang'ono akakokedwa mwamphamvu. Munthu akagwa, ulusi umadukaduka, lambayo amatambasuka, ndipo thupi limaima mwapang'onopang'ono m'malo moima kamodzin'kamodzi. Kuima mwadzidzidzi n'kumene kumathyola msana ndi kuwononga za m'mimba. Muyezo wa ku Ulaya wotchedwa EN 355 umati mphamvu yofika pathupi isapitirire makilonyutoni 6, komwe kuli ngati kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 600, kapena tinene kuti matumba 12 a simenti. Ndi yambiri kale imeneyo. Popanda kathumbako imakwera kwambiri kuposa pamenepo. Koma kuti kakutetezeni chonchi, kamafuna malo: muyezo womwewo umalola kuti katambasuke mpaka mita 1.75. Choncho chingwe chanu cha mamita 2 chija chikhoza kufika mamita 3.75.

Sizinathe. Chingwe chimakoledwa pamphete yachitsulo imene ili pakati pa mapewa, ndiye kuti thupi lonse kuchokera pamenepo kukafika kuphazi limalendewera m'munsi mwa ngowe. Kwa munthu wamkulu ndi mita imodzi ndi theka kapena chapompo. Pa nthawi yogwa hanesi imatamuka, mphete ija imakwera chakukhosi, munthu n'kutsikirako pang'ono. Zonsezi timaziwerengera mamita 2. Pomaliza timasiya mita imodzi yopanda kanthu pakati pa nsapato ndi pansi. Mita imeneyi ena amafuna kuidya poganiza kuti ndi yongowonjezera, koma ndi imene imakupulumutsani ngati tepi inaphonya, ngati chitsulo chomwe mwakolapo chapindikako, kapena ngati malamba a m'ntchafu simunawakungitse bwino.

Phatikizani tsopano: 2 ndi 1.75 ndi 2 ndi 1. Mupeza mamita 6.75, ndipo amenewa muwayeze kuchokera pomwe mwakola chingwe kutsika pansi. Zingwe zopangidwa motsata malamulo a ku America zimawerengedwa m'mafiti: chingwe mafiti 6, kutambasuka mafiti 3.5, munthu mafiti 6 ndi malo osiya mafiti 3, zonse pamodzi mafiti 18.5, omwe ndi mamita pafupifupi 5.6. Kuno kwathu zingwe zimabwera kuchokera kosiyanasiyana, choncho werengani kachikwangwani kosokedwa pachingwe chanucho. Nambala ya amene anachipanga ndi imene muyenera kuitsata.

Ndiye taganizirani nyumba zimene timamanga tsiku ndi tsiku. Khoma la nyumba wamba limathera pa mamita atatu. Ngakhale nyumba ya nsanjika ziwiri, m'mphepete mwa denga lake mumakhala cha m'ma mamita 6. Kalipentala amene wakola chingwe cha mamita 2 pafupi ndi mapazi ake padenga la nyumba wamba watetezeka m'maganizo mokha. Mwinanso ali pangozi kuposa mnzake amene sanavale kanthu, chifukwa mnzakeyo amaponda mwamantha, pomwe iye akuyenda momasuka podalira chingwe chimene sichingamugwire.

Tsiku lina tinkamanga shedi yosungiramo katundu, yazitsulo zokhazokha. Mnyamata wina wowotcherera, waluso ndithu, anali pathandala la sikafodi lomwe linali mamita 5.5 kuchokera pansi, ndipo ngowe yake anaikola pachitsulo chomwe chinali pamapazi ake. Ndinamukuwira kuti, "Achimwene, tatsikani kaye, tiwerenge limodzi." Tinanjuta pansi, ine n'kutola chidutswa cha njerwa n'kulemba pakonkire. Pofunika 6.75, pomwe iye anali ndi 5.5. Anayang'anitsitsa manambala aja, kenako n'kuyang'ana m'mwamba. Chapamapewa pake, pa mamita 7, panadutsa mtanda waukulu wachitsulo. "A kapitawo, nanga nditakola apo?" Ndinamuuza kuti awerenge yekha. Pa 7 kuchotsapo 6.75, panatsala masentimita 25. Zinatheka, ngakhale mothinana. Koma masana dalaivala wina anabwera ndi lole n'kuiimika m'munsi mwake mwenimweni, itasenza katundu wofika mamita 2.5. Mnyamata uja sanadikire kuti ndimuuze. Anazimitsa makina n'kukuwa kuti, "Madala, tasuntheni galimotoyo, ndilibe pogwera!" Pa ola limenelo pansi pake panali pamwamba pa lole, ndipo mamita 7 aja anali atatsala 4.5.

Mfundo ndi imeneyo: pansi ndi chinthu choyamba chimene thupi lanu lingagunde. Ikhoza kukhala milu ya njerwa, wilibala, mgolo wa madzi, zitsulo za konkire zoimikidwa zoloza kumwamba, kapena thandala lina la sikafodi. Ndipo pamalo omanga zinthu zimasuntha tsiku lonse, choncho zomwe munayeza m'mawa sizingakutumikireni mpaka madzulo musanayang'anenso.

Pomwe mwakola chingwe pamasinthanso ukulu wa kugwa kwenikweniko. Mukakola pamapazi, mphete yakumsana imayamba yatsika mita imodzi ndi theka kuti ifike pamulingo wa pokolapo, kenako mamita ena awiri kuti chingwe chikungike. Ndi mamita 3.5 ogwa popanda chokugwirani. Zimatenga nthawi yosakwana sekondi imodzi, ndipo pofika pamenepo thupi limakhala likuthamanga makilomita pafupifupi 30 pa ola. Palibe dzanja limene lingagwire chitsulo pa liwiro limenelo, kaya munthu ndi wamphamvu bwanji. Mukakola mofanana ndi mapewa, mumagwa mamita 2 okha, pa liwiro la makilomita 22 kapena 23. Mukakola pamwamba pamutu mpaka chingwe kutsala pang'ono kukungika, mukaterereka mumangokhala lende pomwepo, kathumba kaja mwina osatseguka n'komwe. Malamulo a bungwe loona za chitetezo pantchito la OSHA ku America salola kuti munthu agwe momasuka mtunda woposa mafiti 6, omwe ndi mita 1.8, pa chifukwa chomwechi. Ine ndimangouza anyamata anga kuti ngowe ikhale pamwamba pa mapewa nthawi zonse pamene zingatheke. Kugwa kukakhala kwakufupi kathumba kamatambasuka pang'ono, n'zoona, koma musachepetse nambala ndi mutu wanu. Chepetsani pokhapokha pepala la opanga chingwecho likusonyeza kuti muchepetse motani.

Pali ngozi ina imene ngakhale amisiri akale amaiiwala, ndiyo kugwa chopendeka. Mmisiri aliyense amene anayalapo maziko amadziwa lamulo la 3, 4, 5 lowongolera ngodya. Ligwiritseni ntchito m'mwamba. Tinene kuti muli ndi chingwe chachitali chomwe mwakola pamalo okwera mamita 4 pamwamba pa msana wanu, ndiye mwayenda chammbali mamita 3. Chingwe chomwe chatuluka tsopano ndi mamita 5. Mukagwa, simutsika molunjika. Chingwe chimakukokerani m'munsi mwa pomwe munakola, ndipo pofika pamenepo mwatsika mita ina yathunthu imene sinali m'masamu anu. Choopsa kwambiri n'chakuti mumapita chammbali ndi liwiro, ndipo ngati panjirapo pali chipilala kapena khoma, mukachigunda ndi nthiti kapena mutu. Opanga zida ambiri amalangiza kuti chingwe chisapendeke kupitirira madigiri 30. Ntchito ikasunthira kutsogolo, sunthani pokola.

Nanga padenga la nyumba wamba tichite chiyani, poti mamita 6.75 palibe? Yankho loyamba ndi sikafodi yokhala ndi zotchingira m'mbali ndi matabwa oyalidwa mokwanira. Ya mitengo ya bulugama imene timaizolowera ikhoza kugwira ntchito ikamangidwa molimba, koma nthawi zambiri ndimaipeza ili ndi thabwa limodzi losakhomera ndipo kumbuyo kuli pululu. Yankho lachiwiri ndi kufupikitsa chingwe kuti munthu asafike n'komwe m'mphepete. Ngati kuchokera pomwe mwakola kukafika pothera malata pali mamita 4, chingwe chikhale cha mamita atatu. Manja afika pokhoma koma mapazi sadutsa. Chenjerani ndi ngodya za denga, chifukwa chingwe chokwanira kukafika pangodya chimakhala chotalika kwambiri mukabwerera pakati. Njira imeneyi siithandizanso ngati denga lenilenilo lingabooke: malata adzimbiri, malata apulasitiki olowetsa kuwala ndi madenga akale a asibesitosi amathyoka mosachenjeza, choncho yalanipo matabwa oyendapo. Palinso zingwe zodzikulunga zokha m'kabokosi, zimene zimatuluka mukamayenda ndi kutseka msanga zikakokedwa mwadzidzidzi. Zimafuna malo ochepa pansi zikakoledwa pamwamba pamutu, koma n'zodula, ndipo si zonse zimene zinapangidwira kukola pamapazi kapena kukhulika pansonga yakuthwa ya chitsulo.

Masamu onsewa amaima pa chinthu chimodzi, chakuti pokolapo pasazuke. Ku Ulaya chokolapo chachitsulo chimayesedwa ndi makilonyutoni 12, pomwe ku America amafuna mapaundi 5,000, omwe ndi makilonyutoni 22, pa munthu mmodzi. Paipi ya madzi, mlongoti wa dishi, ngalande ya madzi a mvula kapena thabwa lokhomedwa ndi misomali iwiri sizingapirire zimenezo. Mukamanga chingwe chopingasa pakati pa nsanamira ziwiri kuti anthu azikolapo, dziwani kuti chimatsika pakati munthu akagwa, ndipo kutsika kumeneko kuyenera kuwonjezedwa pa 6.75 paja. Kulumikiza zingwe ziwiri kuti zitalike kumawononga masamu onse. Chingwe cha nayiloni chomanga m'chiuno ndiye chimandiwawa mumtima ndikachiona, chifukwa mphamvu yonse imathera pamimba ndi pamsana, kapena chimakwera kukafinya chifuwa. Ku America ngakhale lamba weniweni wa m'chiuno analetsedwa pa ntchito yogwira munthu wogwa m'zomangamanga kuyambira pa 1 Januwale 1998.

Musaiwale kulemera kwanu. Zida zambiri za muyezo wa ku Ulaya zimayesedwa ndi cholemera makilogalamu 100. Bambo wathupi amene wavala majombo, wakoleka hamala m'chiuno n'kunyamulanso batire la sola akhoza kupitirira pamenepo, ndipo kathumba kake kadzafuna kutambasuka kwambiri.

Lamulo lathu la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro pantchito la 1997 limaika udindo woteteza antchito m'manja mwa wolemba ntchito. Ku South Africa, komwe abale athu ambiri amagwira maganyu omanga, malamulo a zomangamanga a 2014 amafuna kuti kontirakitala akhale ndi dongosolo lolembedwa loteteza anthu ku ngozi zogwa. Ku Britain malamulo a 2005 amayamba ndi funso lomwe ndimalikonda kwambiri: kodi ntchitoyi singachitikire pansi? Zambiri zimatheka. Mathirasi akhoza kulumikizidwa ndi kupakidwa penti ali pansi, n'kukwezedwa atatha.

Chatsala ndi munthu amene chingwe chamugwira bwino ndipo ali lende m'malere. Ameneyo sanapulumukebe. Malamba a m'ntchafu amapanikiza mitsempha, magazi amadzadzana m'miyendo, ndipo akhoza kukomoka m'mphindi zochepa, makamaka ngati wavulala ndipo sakutha kugwedeza miyendo. Choncho munthu asanakwere, gulu lonse lidziwe kuti makwerero aatali ali pati, atsitse ndani, ndipo galimoto yothamangira kuchipatala ndi iti. Wolendewerayo ngati ali maso, muuzeni azipalasa miyendo kapena aponde pachingwe chomwe mwamuponyera pamene mukukonza zomutsitsa. Akatsika apite kuchipatala ngakhale akunena kuti ali bwino. Hanesi ndi chingwe zomwe zagwirapo munthu wogwa zisagwirenso ntchito. Ziduleni ndi mpeni kuti wina asazitole n'kukazigulitsa pamsika.