Liwiro la a ku Kenya silili mu jekeseni

Mwana wa mchemwali wanga ali ndi zaka 17, ndipo mtima wake wonse uli pa kuthamanga mitunda italiitali. Masabata awiri apitawa anabwera naye kunyumba pa kabaza, ali lefu. Anachita chizungulire ali pakati pothamanga, n'kukhala pansi m'mbali mwa msewu. Kuchipatala adokotala anamukokera pansi chikope cha m'munsi, mkati mwake muli mbuu, zikhatho nazo zoyera. Atamuyeza magazi anapeza ali pa 9, pamene mnyamata wa msinkhu wake sayenera kutsika pa 13. Anadwala malungo mwezi watha, ndipo thupi litangozizira anabwereranso mumsewu.

Tili pa benchi kudikira mankhwala anandinong'oneza: "Malume, bwanji mungondipezera jekeseni imene amabayitsa a ku Kenya ija? Anzanga akuti sabata imodzi magazi amakhala atadzaza."

Mphekesera imeneyi yandikwana. Ndaimva m'maminibasi, ndaimva pabwalo la masewero. Ena amati othamanga a ku Kenya ndi ku Ethiopia onse ndi a jekeseni, ena amati amatemera mphini m'miyendo. Bodzali likufika m'makutu a ana amene magazi awo ndi ochepa kale, ndipo lingathe kupha munthu.

Tiyeni tiyambe ndi kumene othamangawa amakhala. Tauni ya Iten ndi dera la Kaptagat ku Kenya zili pamtunda wa mamita pafupifupi 2,400 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Bekoji ku Ethiopia, kwawo kwa Kenenisa Bekele, Tirunesh Dibaba ndi Derartu Tulu, ili pamwamba kuposa apo. Ambiri amati kumapiri kulibe okosijeni wokwanira. Kunena zoona, gawo la okosijeni mumpweya ndi lomwelo, magawo 21 pa 100 aliwonse, kaya muli ku Nsanje kapena pa Sapitwa. Chimene chimasintha ndi kupanikizika kwa mpweyawo. Pa mamita 2,400 mpweya umakhala womwazikana, kotero kuti kukoka kumodzi kumalowetsa okosijeni wocheperapo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi poyerekeza ndi kugombe la nyanja yamchere.

Chiwalo chimene chimalamula kuti maselo ofiira achuluke pa kuchepako si mapapo kapena mtima ayi, koma impso. Mu impso muli maselo amene ntchito yawo ndi kulondera okosijeni wa m'magazi. M'maselowo muli puloteni yotchedwa HIF. Thupi limaipanga nthawi zonse, usana ndi usiku, koma okosijeni akakhala wokwanira imaphwanyidwa ikangopangidwa kumene. Okosijeni akachepa, zoiphwanya zija zimafooka, HIF imachulukana, n'kukayambitsa ntchito yopanga homoni yotchedwa erythropoietin, imene mwachidule amati EPO. Homoniyi imayenda ndi magazi mpaka m'mafuta a m'mafupa, kumene maselo ofiira amapangidwira, n'kukapereka uthenga woti maselo aang'ono amene akanafa asanakhwime apulumuke ndi kukula. Asayansi atatu amene anatulukira mmene maselo amadziwira kuti okosijeni wachepa, William Kaelin, Peter Ratcliffe ndi Gregg Semenza, analandira mphoto ya Nobel mu 2019.

Munthu akakwera kuphiri, EPO imachuluka m'tsiku limodzi kapena awiri, koma maselo ofiirawo amatenga masabata atatu kapena anayi kuti achuluke mooneka. Selo lililonse limakhala masiku pafupifupi 120, kenako limafa, lina n'kulowa m'malo. Ndipo EPO ndi kapitawo chabe woitanira anthu kuntchito. Njerwa zomangira ndi ayironi. Thupi lopanda ayironi wokwanira, ngakhale mutalikweza pa Nyika chaka chathunthu, silingapange magazi abwino. Malungo amaswa maselo ofiira, njoka za m'mimba ndi likodzo zimatayitsa magazi pang'onopang'ono. Mnyamata wanga uja sankasowa kapitawo. Impso zake zinali zikuitana kale. Ankasowa njerwa ndi nthawi yopuma.

Jekeseni imene anzake amaikambayo ilipodi. Ndi EPO yopangidwa kufakitale, ndipo madokotala amabaya odwala impso ndi odwala khansa ena amene matupi awo akulephera kupanga magazi. Munthu wabwinobwino akabayitsa, maselo ofiira amachuluka mopyola muyezo, magazi n'kukhala ngati phala lolimba. Akamathamanga n'kutaya madzi ndi thukuta, phalalo limalimbiratu. Mtima umakankha movutikira, magazi amathamanga kwambiri, amatha kuundana, ndipo mapeto ake ndi sitiroko kapena mtima kuima. Othamanga ena a ku Kenya anagwidwadi nayo. Rita Jeptoo, amene anapambana ku Boston ndi ku Chicago, anapezeka nayo mu 2014. Jemima Sumgong, amene anatenga golide ku Rio mu 2016, anapezeka nayo chaka chotsatira. Onse analetsedwa kupikisana ndipo mayina awo anaipa. Kuloza anthu amenewa n'kumati ndiye chinsinsi cha dziko lonse ndi ulesi wa kuganiza.

Nawonso mapiri paokha sakwanira. Mzinda wa La Paz ku Bolivia uli pa mamita opitirira 3,600, koma sitimva kuti anthu ake akulamulira mipikisano ya makilomita 42. Chimene Iten, Kaptagat ndi Bekoji zili nacho pamwamba pa mapiriwo ndi aphunzitsi amene akhala pamalo amodzi zaka makumimakumi, akuyang'ana ana akukula. Ku Iten kuli Colm O'Connell, m'bale wachikatolika wa ku Ireland amene anafika pa sukulu ya St Patrick's mu 1976 kudzaphunzitsa m'kalasi, ndipo ndi amene anaumba katswiri wothamanga David Rudisha. Ku Bekoji dzina ndi Sentayehu Eshetu, mphunzitsi wa masewero amene Bekele ndi Dibaba anadutsa m'manja mwake ali ana.

Koma chitsanzo chimene ndimafuna mnyamata aliyense wothamanga atachidziwa ndi cha Patrick Sang ndi Eliud Kipchoge. Sang anatenga siliva pa masewero a Olimpiki ku Barcelona mu 1992, pa mpikisano wa mamita 3,000 wodumpha zotchinga. Kipchoge, wa dera lomwelo la Nandi, anamupeza ali mnyamata wa zaka pafupifupi 16 n'kumupempha ndondomeko yothamangira. Mu 2003, ali ndi zaka 18, anapambana mpikisano wa dziko lonse wa mamita 5,000 ku Paris. Komabe panapita zaka khumi asanayambe makilomita 42, mu 2013 ku Hamburg. Zaka khumi zokhwimitsa mafupa, minofu ndi mitsempha. Kenako ndiye kunabwera golide wa Olimpiki kawiri, maola 2, mphindi 1 ndi masekondi 9 ku Berlin mu 2022, ndiponso ola 1, mphindi 59 ndi masekondi 40 ku Vienna mu 2019, pa kuthamanga kokonzedwa mwapadera kumene sikunawerengedwe pa mbiri ya mipikisano. Zaka zoposa 20, kochi ndi mmodzi yemweyo.

Ku kampu ya Kaptagat moyo ndi wosalira zambiri. Othamanga amagona komweko mkati mwa sabata, amadzuka kusanache, amasesa ndi kutsuka zimbudzi mosinthana, Kipchoge yemwe. Amadya ugali, imene ndi nsima yathu yomweyi, ndiwo zamasamba, nyemba, mkaka. Pa sabata Kipchoge ankadutsa makilomita 200, koma ambiri mwa makilomitawo ankawathamanga mofatsa, mwina n'kumacheza ndi mnzake. Masiku oswa thupi amakhala awiri kapena atatu basi, ndipo chilichonse amalemba m'kabuku. Thupi silikula pamene ukulipanikiza. Limakula pamene ukupuma, likamakonza zimene zaperepeseka. Wothamanga wachinyamata sadziwa zimenezi, chifukwa kwa iye tsiku lopuma ndi tsiku lotayika. Ntchito yaikulu ya kochi ndi kunena kuti, lero basi, kagone. Faith Kipyegon, amene watenga golide wa Olimpiki katatu pa mamita 1,500, anabereka mwana mu 2018 ndipo anabwerera pang'onopang'ono m'manja mwa Sang yemweyu.

Kelvin Kiptum, amene anathamanga makilomita 42 m'maola 2 ndi masekondi 35 ku Chicago mu Okutobala 2023, ankafika makilomita 300 pa sabata nthawi zina, ndipo kochi wake wa ku Rwanda, Gervais Hakizimana, anauza atolankhani kuti ankamuchenjeza kuti achepetse, kuopa kuti thupi lingathe msanga. Onse awiri anamwalira pa ngozi ya galimoto pa 11 Febuluwale 2024, Kiptum ali ndi zaka 24.

Kochi woipa ndiye matenda enieni. Ku America, kochi Alberto Salazar analetsedwa zaka zinayi mu 2019 chifukwa chophwanya malamulo a mankhwala. Chaka chomwecho Mary Cain, amene analowa m'gulu lake ali mtsikana wa kusekondale, anaulula kuti ankamukakamiza kuchepetsa thupi mpaka anasiya kusamba kwa zaka zitatu ndipo anathyoka mafupa asanu. Thupi likamalandira chakudya chochepa kuposa ntchito imene likugwira, limatseka zina kuti lipulumuke: msambo umaima, mafupa amafooka. Pano ndimamvabe anthu akuuza atsikana othamanga kuti kusiya kusamba ndi chizindikiro choti thupi lakhwima. Limenelo ndi bodza lamkunkhuniza. Mtsikana wotero akudwala, ndipo afunika kuonana ndi adokotala.

Ngati mwana wanu akuthamanga ndipo akutopa msanga, akuchita chizungulire kapena phuma, kamuyezetseni magazi ndi malungo. Adye usipa, chiwindi, nyemba ndi bonongwe. Akadwala apume mpaka achire. Aliyense womulonjeza jekeseni, m'thamangitseni.

Mnyamata wanga uja anapatsidwa mapiritsi a ayironi ndi a njoka za m'mimba, n'kuuzidwa kuti asathamange kufikira atayezedwanso. Dzulo m'mamawa ndinamupeza atakhala pakhonde, nsapato zili m'manja, akuyang'ana anzake akudutsa mumsewu.

"Malume, andisiya m'mbuyo."

Ndinamuuza kuti Kipchoge anadikira zaka khumi. Nsapatozo ndinalanda, zili m'chipinda changa mpaka magazi afike pa 13.