Thabwa limodzi la mbawa likwanira tebulo lonse

Aliyense amene wayesapo kugula thabwa la mbawa kapena mlombwa pakati pa Chintheche ndi Kande masiku ano akudziwa mmene zimakhalira. Ukafunsa kwa ocheka matabwa amakuuza kuti ubwere sabata ya mawa. Likapezeka limakhala lopapatiza, laliwisi, mtengo wake woboola m'thumba, ndipo mwini wake safuna kuti umufunse kumene lachokera. Matabwa otambalala aja, amene makolo athu ankakhomera zitseko za tchalitchi ndi matebulo a m'nyumba za aphunzitsi, anapita limodzi ndi mitengo yake.

N'chifukwa chake ntchito imene ikuchitika pa kashedi kena ka malata, chapatali pang'ono ndi msewu wa M5 kufupi ndi Chintheche, ndi yofunika kuiyang'anitsitsa. Mnyamata wina amene wangoyamba kumene ukalipentala, ndipo akuphunzira kwa mmisiri wachikulire wa m'deralo, ali ndi thabwa limodzi lokha la mbawa, limene analichotsa ku chitseko chakale. Kukhuthala kwake ndi mamilimita 25, m'lifupi masentimita 15, m'litali silifika mita. Iye akufuna kuti thabwa limeneli likute pamwamba ponse pa tebulo la pabalaza. Pa shedipo palibe magetsi. Zida zake ndi sowo, puleni, tchizulo, sikweya, hamala ndi pensulo ya kukhutu.

Njira yake ndi ya viniya. Viniya ndi timatabwa topyapyala ta mtengo wokongola timene amamata pa thabwa wamba, kuti kukongola kuonekere pamwamba koma mphamvu ichokere pansi. M'mafakitale chipika amayamba achiviika m'madzi otentha kuti chifewe, kenaka chimpeni cha makina chimasenga timapepala ta mtengo tokhuthala pafupifupi mamilimita 0.6, popanda utuchi wotayika. Thabwa la mamilimita 25 likhoza kutulutsa timapepala totere pafupifupi 40. Wa sowo ya pamanja sangafike pamenepo. Mano a sowo amadya gawo lawo, puleni nayo imadya lake, ndiye akachita bwino amapeza zidutswa zinayi za mamilimita atatu chilichonse. Koma zinayizo akaziyala mogundizana zimapereka masentimita 60 m'lifupi. Tebulo lakwana.

Kucheka thabwa motere ndi kumene kumasiyanitsa wophunzira wodekha ndi wopupuluma. Mnyamatayu amayamba wapala nkhope imodzi mpaka itasalala, chifukwa imeneyo ndi imene idzagone pa guluu. Akatero amalemba mzere kuzungulira m'mbali zonse zinayi za thabwa, n'kulimanga chopendekeka pa benchi. Sayamba kucheka pakati. Amalowetsa sowo pa ngodya, n'kutsika pang'ono akuyang'ana mizere iwiri imene akuiona, kenaka amatembenuza thabwa n'kuyambanso pa ngodya ina, mpaka njira za sowo zitakumana m'kati. Utuchi wa mbawa ndi wofiirira, umamatirira pa thukuta la m'manja. Sowo ikayamba kukana amaipaka kandulo. Mmisiri wake sayankhula zambiri. Amangoima pambali n'kumamvetsera kulira kwa sowo, ndipo ikayamba kulira mokakamizika amadziwa kuti yapatuka pa mzere asanaone n'komwe. Mnyamatayo akafuna kufunsa amayamba ndi "ada", monga amachitira ana a kuno kwa Atonga polankhula ndi bambo wamkulu, ndipo yankho lake kawirikawiri limakhala loti achepetse mphamvu, sowo idye yokha.

Chidutswa chikachoka amachilemba nambala ndi pensulo, n'kupalanso nkhope ya thabwa lotsala asanayambe china. Nambalazo zili ndi ntchito. Zidutswa ziwiri zotsatizana akazitsegula ngati masamba a buku, mizere ya mtengo ya kumanzere imakumana ndi ya kumanja n'kupanga maluwa ofanana mbali zonse. Thabwa lathunthu, ngakhale likhale lalikulu bwanji, silingapereke maonekedwe amenewa.

Luso limeneli ndi lakale kwambiri. Amisiri a ku Egypt wakale, dziko la mitengo yochepa, ankacheka mitengo ya mtengo wapatali yochokera kutali kukhala tizidutswa topyapyala n'kumamata pa matabwa wamba. Mipando ndi mabokosi zimene Howard Carter anapeza m'manda a mfumu Tutankhamun mu 1922 zili ndi ntchito yotere, ya minyanga ndi mtengo wakuda, ndipo akatswiri ambiri amati mtengo wakudawo unali wa mtundu wa phingo, yemweyu amene osema ziboliboli athu amamudziwa. Kusowa kwa mitengo ndi kumene kunawaphunzitsa, ndipo ife tafika pomwepo.

Kuno kunyanja ukalipentala wa sowo ndi puleni uli ndi mbiri yakeyake. Dr Robert Laws, amene anasamutsa mishoni ya Livingstonia kuchoka ku Cape Maclear kubwera ku Bandawe mu 1881, anali mwana wa mmisiri wa mipando wa ku Aberdeen, ndipo iye mwini anaphunzira ntchito yomweyo asanakhale dokotala ndi m'busa. Pa gulu loyamba limene linafika pa nyanja mu 1875 panalinso kalipentala, George Johnston. Mishoni itakwera ku Khondowe mu 1894, sukulu ya Overtoun inkaphunzitsa ukalipentala pamodzi ndi zomangamanga ndi kusindikiza mabuku, ndipo anyamata a m'mbali mwa nyanja muno anali m'gulu la ophunzira ake. Koma amisiri a nthawi imeneyo ankagwira ntchito mitengo ili mbwee. Chimene anasiyira adzukulu awo ndi luso la thabwa lochindikala, ndipo mpaka lero wogula akafika pa shedi amagogoda tebulo ndi chala n'kufunsa kuti: kodi ndi mbawa yeniyeni? Akamva zoti pamwamba pokha ndiye pali mbawa, nkhope imagwa.

Wogulayo sitingamunene. Ambiri anapusitsidwapo ndi makabati ndi matebulo a m'masitolo, opangidwa ndi utuchi wopanikiza n'kukutidwa ndi pepala lojambulidwa mizere ya mtengo. Zimenezo zikangolawa chinyezi cha ku Nkhata Bay zimafufuma m'mbali, pepala n'kuyamba kusendeka. Koma kuika viniya wa mamilimita atatu, wochekedwa ku mbawa yeniyeni, m'gulu limodzi ndi pepala limenelo n'kulakwira mmisiri. Viniya wotere akakalika amapalidwa n'kupakidwanso vanishi. Ndipo tebulo lake silipindika msanga ngati la thabwa limodzi lotambalala, limene limatupa nthawi ya dzinja n'kuuma mpaka kung'aluka mu Okutobala.

Thabwa la pansi limachokera kuseri kwa mapiri. Nkhalango ya paini ya Viphya, imene ambiri amangoti Chikangawa, inayamba kubzalidwa mwamphamvu mu 1964 ndipo inafika mahekitala pafupifupi 53,000. Cholinga chinali choti mitengoyo izidyetsa fakitale yopanga zopangira mapepala, ndipo malo a fakitaleyo anasankhidwa konkuno ku Chintheche, m'mbali mwa nyanja. Fakitaleyo sinamangidwe. Paini uja anasanduka wa matabwa, ndipo kuyambira mu 1999 kampani ya Raiply ndi imene ikuyendetsa fakitale ya ku Chikangawa, kumene kumachokera plywood ndi blockboard zimene zimapezeka m'mahadiweya a ku Mzuzu. Mnyamata wathu anasankha blockboard, ya timatabwa ta paini tomatidwa m'kati, chifukwa imagwira sikuluwu bwino ndipo siopa chinyezi ngati utuchi wopanikiza uja. Miyendo ndi mafelemu ndi za mtengo wa rabara. Amene amayenda pa msewu wa pakati pa Nkhata Bay ndi Chintheche amaidziwa esiteti ya Vizara, ndi anyamata ogulitsa mipira ya mphira m'mbali mwa msewu. Mitengo ya rabara ikakalamba n'kuchepetsa utomoni imadulidwa, kuchekedwa, kuthiridwa mankhwala ndi kuumitsidwa. Thabwa lake ndi loyera, lolemera bwino, ndipo limalandira utoto mosavuta, koma lopanda mankhwala limafumbwa msanga, ndiye wogula ayenera kufunsitsa.

Tsono pamene pagona ntchito yonse ndi pa kumata. Boma la Nkhata Bay ndi limodzi mwa maboma olandira mvula yambiri m'dziko muno, ndipo mvula yake imapitirira pamene kwina yaleka kale. Mtengo, ngakhale wodulidwa kalekale, umamwa chinyezi ndi kuchitulutsa. Ukamata viniya mbali imodzi yokha, guluu akamauma amakoka mbali imeneyo ndipo thabwa lonse limapindika. Lamulo la amisiri ndi loti chimene wachita pamwamba uchitenso pansi. Kunsi kwa tebulo, kumene palibe adzayang'ane, mnyamatayu wamatako zidutswa za malaina zokhuthala chimodzimodzi, mizere yake yoloza mbali yomweyo. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amafuna kudumpha, poti ndi ntchito ya masiku imene wogula sadzaiona.

Asanamate, m'mphepete mwa zidutswa ziwiri zokumana amazipala pamodzi atazipana pakati pa matabwa awiri owongoka, kenaka amazigundanitsa n'kuziyang'ana pa dzuwa. Kuwala kukadutsa pakati, abwerezenso. Zikagwirana amazilumikiza ndi tepi ya pepala. Guluu wake ndi woyera uja wa matabwa, wopakidwa mopyapyala ndi kachidutswa ka sowo yakutha kuti afalikire mofanana. Akachuluka viniya amaterereka, akachepa pamatsala malo ouma. Makalampu pa shedipo ndi ochepa, ndipo sangafike pakati pa tebulo. M'malo mwake amayala nyuzipepala, n'kusanjikapo blockboard ina yosalala, ndipo pamwamba pake amaunjikapo matumba a mchenga wouma wa kunyanja, kuyambira pakati kupita m'mbali kuti mpweya ndi guluu wotsala zituluke. M'mphepete amakulunga ndi malegeni, omwe aja omangira katundu pa njinga. Zikatero amazisiya mpaka mawa lake osazigwedeza. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kukacha amachotsa mchenga n'kuyamba kugogoda pamwamba ponse ndi chikhadabo. Pamene pagwira pamamveka mawu olimba. Pamene patsala mpweya pamalira mopepuka, ndipo khutu likazolowera silisokoneza. Pa tebulo ili panapezeka malo amodzi otere, pafupi ndi ngodya. Mankhwala ake ndi ayironi ya makala. Guluu woyerayu amafewa akamva kutentha, choncho amayala kansalu, n'kusita pamalopo mopanikiza, kenaka n'kuikapo cholemera mpaka pazizire. Pakakanika amang'amba pang'ono ndi lezala motsata mizere ya mtengo, n'kulowetsa guluu wina. Chilondacho sichioneka. M'mbali mwa blockboard amatsekamo ndi timizere ta mbawa totsala pa thabwa lija, kuti madzi asalowe ndiponso kuti viniya asakodwe ndi zovala za odutsa.

Posalaza, puleni imakhala yoopsa, chifukwa mizere ya mbawa imasinthasintha kolowera ndipo mpeni ukhoza kuzula nyama ya mtengo. Amisiri akuno amapala ndi chidutswa cha galasi losweka, chimene chimachotsa timauya topyapyala kwambiri, kenaka sandipepala. Vanishi woyamba amamusungunula kuti alowe, ndipo amapaka kunsi komwe. Apa m'pamene mbawa yakale ija imaonetsa mtundu wake wofiira moderako, umene thabwa latsopano limatenga zaka kuti liufikire.

Za kumene thabwa lichokere, malamulo akunka nalimba. Lamulo la za nkhalango la 1997 linakonzedwanso mu 2020 ndipo zilango zake zinakwera. Pa msonkhano wa CITES wa ku Panama mu Novembala 2022, mitundu ya mu Africa ya mbawa, mlombwa ndi msambamfumu inaikidwa pa mndandanda wa mitengo imene malonda ake a kunja ayenera kuyendera chilolezo, kutsatira mukula umene unalowa kale mu 2019. Nkhalango zotetezedwa ngati Mkuwazi zili pafupi, ndipo chiyeso cha kulowamo usiku ndi sowo chilipo. Bungwe la Ripple Africa, limene lili ku Mwaya, lakhala likuthandiza midzi ya m'boma lino kubzala mitengo, koma mbawa yobzalidwa lero idzapereka thabwa lotambalala mnyamatayu ali ndi imvi. Pakadali pano mbawa yosavuta kuipeza mwachilungamo ili m'zitseko zakale, m'mabedi othyoka, ndi m'mabenchi amene matchalitchi akuchotsa.

Chimene ndikuona kuti chikusoweka ndi ophunzitsa. TEVETA yakhalapo kuyambira mu 1999, ndipo makoleji a ntchito zamanja a ku Mzuzu ndi ku Livingstonia amatulutsa akalipentala, koma anyamata ambiri a ku Kande, Mpamba kapena Usisya amaphunzira pansi pa mtengo wa mango, kwa mmisiri amene naye anaphunzira thabwa lochindikala lokha. Maphunziro afupiafupi a kucheka ndi kumata viniya, ochitikira m'mashedi momwemo ndi zida zimene amisiri ali nazo kale, angawafike anthu amenewa mosavuta kuposa kuwaitanira ku koleji. Malo ogona alendo ali ndandanda kuyambira ku Chintheche mpaka ku Kande, ndipo onse amafuna matebulo. Mmisiri wa mnyamatayu wamuuza kale kuti akamakagulitsa anene yekha, wogula asanafunse, kuti pamwamba ndi mbawa, m'kati ndi paini wa ku Chikangawa, miyendo ndi rabara wa ku Vizara, ndipo alitembenuze tebulolo kuti munthuyo aone ndi kunsi komwe.