PENTI AKAUMA PAMWAMBA SINDIKO KUTI WAUMA NDI MKATI

Ku Britain, ku Japan ndi ku America kuli anthu, akulu ndi ana omwe, amene amatha masabata ambiri alikumanga timagalimoto tating'ono tofanana ndendende ndi magalimoto enieni. Timeneti si ta waya monga tija amapanga anyamata m'midzi mwathu muno ai. Iwo amagula tizidutswa ta pulasitiki m'bokosi, natilumikiza ndi guluu, potsiriza napaka penti. Kampani ya Airfix ya ku Britain inatulutsa kathirakita ka Ferguson m'caka ca 1949, ndipo ya Tamiya ya mumzinda wa Shizuoka ku Japan, imene inayamba m'caka ca 1946 ndi nchito yoceka matabwa, inadzachuka pa dziko lonse ndi malonda omwewa. Muyeso wofala ndi wa 1:24, ndiko kuti galimoto yotalika mamita 4.8 imasanduka kanthu ka masentimita 20.

Cimene cimawaliza kawirikawiri amisiri amenewa ndi penti. Munthu angathe kugwira nchito mwezi wathunthu, tsono pa mphindi zowerengeka thupi lonse la kagalimoto nkucita makwinya ngati khungu la ng'azi. Cifukwa cake nciani? Yankho lili m'kaumidwe ka penti, ndipo lingathandizenso inu amene mupaka citseko, njinga kapena ngolo.

Penti wa timagalimoto ali wa mitundu 3. Woyamba ndi lacquer. Uyu amauma msanga pakuti thina wake, ndiwo mankhwala omusungunulira, amangouluka ndi mphepo. Thina ameneyu ndi waukali koposa, ndipo ngakhale patapita zaka angathe kusungunulanso penti yemweyo. Waciwiri ndi enamel, penti wa mafuta, monga uja wa m'tizitini ta mamililita 14 ta Humbrol. Thina wake akauluka, mafuta otsalawo amayamba kugwirana ndi mpweya, ndipo kulimba kwake kumatenga masiku, nthawi zina masabata. Wacitatu ndi acrylic wa madzi. Madzi akauluka, timbewu ta pulasitiki timene tili m'pentimo timamatana pang'onopang'ono kufikira titakhala cikopa cimodzi.

Vuto lalikulu limadza pamene penti waukali apakidwa pamwamba pa wofatsa. Mukapopera lacquer pa enamel, thina amalowa pansi, nafewetsa ndi kutupitsa penti wa mafuta uja, ndipo iye amanyamuka nakwinyika. Cifukwa ca ici amisiri ali ndi lamulo lao: lacquer akhale pansi, enamel pakati, wa madzi pamwamba. Vanishi wowalitsa, amene amapakidwa potsiriza, nayenso ayenera kumvera lamulo lomweli. Ambiri aononga nchito yao pa vanishi, ataona kuti zonse zatha kale.

Ngakhale penti wa mtundu umodzi angathe kudyana yekhayekha. Enamel amayamba kuuma pamwamba, napanga kacikopa, pamene mkati akali wofewa. Cala cikakhudza cimanena kuti wauma, koma mukapopera wina panthawi imeneyi, kacikopa kaja kamakwinyika. Ndiye cifukwa cake zitini zambiri zopopera zimalangiza kubwereza mwamsanga penti asanagwire, kapena kudikira masiku 2 ngakhale kuposerapo. Kupaka kocindikala kumaonjezera vutoli, pakuti thina amatsekeredwa mkati. Nkwabwino kupaka mopyapyala katatu kusiyana ndi kuthira kamodzi. Mphuno nayo ndi mboni yokhulupirika: ngati kagalimoto kakali kununkha thina, penti sanalimbe.

Pulasitiki mwini wake alinso pangozi. Matupi a timagalimotoyi amapangidwa ndi polystyrene, ndipo thina wa lacquer amadya pulasitiki ameneyu, nasiya timing'alu tosawerengeka. Motero amayamba atsuka thupilo ndi sopo kucotsa mafuta a ku fakitale ndi a m'manja, kenaka napopera penti wa pansi wochedwa primer, pang'onopang'ono, kuti akhale ngati mpanda pakati pa pulasitiki ndi penti waukali. Matayala ofewa a vinyl ali ndi khalidwe linanso: enamel akapakidwa pamenepo amangokhala wonanda, osauma konse, cifukwa mankhwala ofewetsa matayalawo amalowerera m'penti.

Nyengo nayo ili ndi mau ake. Tsiku la cinyezi, monga masiku a dzinja kuno kwathu, thina wa lacquer pouluka amaziziritsa thupi la kagalimoto, mame nagwerapo, ndipo penti amatuwa ngati wathiridwa mkaka. Tsiku lotentha kwambiri, kapena citini cikatalikira, penti amauma asanafike pa thupi, nacita nthutumba ngati khungu la lalanje. Wofuna kufulumiza zinthu poyanika kagalimoto pa dzuwa la masana kapena pafupi ndi mbaula amapeza denga lake litapindika, pakuti pulasitiki sapirira moto. Malo abwino ndi a mthunzi, opita mphepo, ndipo kagalimoto kavundikiridwe ndi bokosi loboola kuti fumbi lisakhalepo. Kupopera m'nyumba yotseka nkoopsa, cifukwa nthunzi ya thina imapweteka mapapo ndiponso imagwira moto msanga.

Amisiri ozolowera ali ndi njira yosavuta yodzitetezera. Asanakhudze kagalimoto amayamba ayesa pa supuni ya pulasitiki, pakuti masupuni ambiri otaya ndi a polystyrene yemweyo. Amapaka primer, penti ndi vanishi m'ndondomeko imene afuna kutsata, nadikira masiku omwewo. Supuni ikakwinyika, atayapo supuni cabe.

Inu amene mufuna kupaka ngolo kapena citseko cimene cinapakidwapo kale, citani cimodzimodzi. Yambani mwadziwa mtundu wa penti wakale, yesani watsopano pa kamalo kobisika, ndipo muone kwa masiku angapo ngati awiriwo amvana. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Penti sadziwa kuti mwini nchito ali pa cangu, ndipo amalimba pa nthawi yake.