Ku Ireland boma limathandiza kulipira wotsegula holo ya m'mudzi

Nthawi ya nkhomaliro ikamayandikira m'midzi yambiri ya ku Ireland, kagalimoto kamakhala kakuzungulira makomo a okalamba. Woyendetsa amatsika ndi chakudya chotentha chovindikiridwa bwino n'kugogoda. Kwa gogo amene amakhala yekha, ana ake onse ali ku Dublin kapena ku London, mwina munthu ameneyu ndi yekhayo amene angamupatse moni tsiku lonse. Pakhomo pakangoti zii, woyamba kudziwa kuti zinthu sizili bwino ndi iyeyu.

Ntchito yotere ilibe phindu loti wabizinesi n'kuithamangira. N'chifukwa chake ena mwa ophika ndi oyendetsa galimotowa malipiro awo amadalira ndondomeko ya boma yotchedwa Community Services Programme, yomwe idayamba mu 2006 ndipo imayendetsedwa ndi bungwe la Pobal. Mabungwe oposa 400 amalandira thandizoli: maholo a m'midzi, mawayilesi a m'madera, malo osungirako mbiri yakale, magulu okonza nyumba za okalamba kuti zisamazizire.

Ndalamazi si zomangira nyumba kapena zogulira mipando. Ndi za malipiro a manejala ndi antchito angapo basi. Apa mpamene pagona nzeru. Kumanga holo n'kosavuta, akuluakulu amabwera kudzadula riboni, zithunzi n'kutuluka m'nyuzipepala. Chovuta n'kupeza munthu woti azitsegula m'mawa uliwonse, kuyatsa moto wotenthetsa m'katimo, kulemba mabuku a ndalama ndi kutseka usiku achinyamata akamaliza masewera. Ongodzipereka amagwira ndi mtima wonse, koma nawonso ali ndi ana ofuna kudya, ndipo amatopa.

Pali lamulo lina lofunika. Mwa antchito 100 aliwonse olipidwa ndi thandizoli, kupatula mamanejala, 70 azichokera m'magulu amene olemba ntchito amawalambalala: amene ali pa ulova, olumala, makolo olera okha ana, otuluka kundende, amene akusiya mankhwala ozunguza bongo, ndiponso a mtundu wa Travellers, omwe akhala akusalidwa m'dzikolo kuyambira kalekale. Choncho amene akupereka chakudya kwa gogo uja mwina ndi munthu amene kalata zake zofunsira ntchito zakhala zikubwezedwa kwa zaka.

Boma silipereka malipiro onse. Bungwe lililonse liyenera kudzipezera gawo lina pochititsa lendi holo, kugulitsa tiyi, kapena kulipiritsa pang'ono chakudyacho. Dandaulo lalikulu lidabadwira pomwepa. Kwa zaka zambiri boma linkapereka €19,033 pachaka pa wantchito mmodzi ndi €32,000 pa manejala. Ndalama ya wantchitoyo inkagwirizana ndi nthawi imene malipiro otsikitsitsa ovomerezeka anali €8.65 pa ola. Mu 2016 malipirowo adakwera kufika €9.15, n'kumakwerabe, pamene gawo la boma lidangoima pomwepo, kupatula ndalama zapadera zongotsekera mpata. Holo ya m'tauni yodzadza alendo inkatha kukwaniritsa zotsalazo. Nanga ya pachilumba, kapena ya m'dera la anthu osauka amene sangalipire zambiri? Amene ankafunikira thandizo kwambiri ndi amene ankapanikizika kwambiri, chinthu chosayenera m'ndondomeko yokhazikitsidwira iwo omwewo.

Kampani ya Indecon itaunika ndondomekoyi, boma lidasintha kagawidwe kuyambira mu 2023. Tsopano mabungwe adaikidwa m'magulu atatu malinga ndi mphamvu zawo zopezera ndalama, ndipo ovutika kwambiri amalandira zochulukirapo. Kumeneku kudali kukonza kwenikweni. Komabe mpikisano ndi malipiro otsikitsitsa sudathe: mu 2024 adali €12.70 pa ola, mu 2025 adafika €13.50, ndipo chaka chilichonse makomiti a maholowa amakhalanso pansi kuwerengetsa ngati gawo la boma lakwera mofanana.